Musanamutche mbuli kapena wosamva, gulani kope

Mwana akabwereza Sitandade 2 kachitatu, pakhomo sipasowa omasulira. Bambo amati ndi ulesi, akusowa chikoti. Agogo amati alipo wina akudziwapo kanthu, tipite naye kwa asing'anga. Aphunzitsi, amene m'kalasi mwawo muli ana oposa 100, amangoti "ameneyu mutu sugwira" n'kumukhazika kumbuyo kwenikweni. Onsewa aweruza kale mlandu, koma palibe amene wamuyeza mwanayo. Malangizo anga lero ndi a kuyezako.

Mavuto amene akatswiri a kaganizidwe amafufuza kawirikawiri ndi atatu. Pali autism, pamene munthu amavutika kucheza ndi kumvana ndi anzake monga achitira ena, amakonda kubwereza zinthu zomwezomwezo, ndipo phokoso, fungo kapena nsalu ina ikamukhudza zimamusautsa kwambiri. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanenapo kuti pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 ali ndi autism. Pali ADHD, pamene maganizo sakhazikika, thupi silikhala pansi, munthu amayamba wachita n'kuganiza pambuyo. Palinso kuvutika ndi luso limodzi la kusukulu nzeru zina zonse zili bwinobwino, monga dyslexia, vuto la kuwerenga ndi kulemba. Mwana wotere amawerengera chenji cha tomato pamsika osaphonya, koma mawu oti "mbuzi" papepala n'kumugwetsa ulesi. Munthu mmodzi akhoza kukhala ndi awiri mwa mavutowa.

Musanaononge ndalama pachabe, dziwani kuti mavutowa saoneka m'magazi, pa X-ray, ngakhale pa sikani ya mutu. Woyeza amadalira mbiri ya munthuyo kuyambira ali m'mimba, zimene akuona ndi maso ake, ndi timayeso ta manja, ta mawu ndi ta zithunzi. Iye amakhala ndi mwanayo ola limodzi kapena awiri. Inu mwakhala naye zaka. Umboni weniweni uli ndi inu, kungoti tsikulo likafika umakuthawani m'mutu. Ndaonapo amayi ambiri akufunsidwa kuti "vuto ndi chiyani, mayi?" iwo n'kuyankha kuti "amangovuta basi." Pa yankho lotere ngakhale katswiri wophunzira bwanji alibe pogwira.

N'chifukwa chake ndikuti gulani kope, la masamba 40 lomwelija, muzilembamo kwa masabata awiri musananyamuke. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musalembe kuti "lero anavuta." Lembani nthawi, zimene zinayamba kuchitika, zimene iye anachita, ndi chimene chinathetsa. Mayi wina anandibweretsera kope lolembedwa ndi pensulo, ndipo tsamba lina linali motere: "Lachiwiri, 6 koloko m'mawa. Chigayo chitangolira anatseka makutu, anakalowa kunsi kwa bedi. Anatuluka chigayo chitazima." Tsamba lina: "Lachisanu. Wafoletsa zitsekerero za mabotolo kuyambira pakhomo mpaka pankhokwe. Mlongo wake anachotsapo chimodzi, analira mpaka nthawi ya nsima." Mizere imeneyi inanena zambiri kuposa zonse zimene tinakambirana m'mawa wonse. Kholo la mwana wina likhoza kulemba kuti: "Ndinamutuma mchere, machesi ndi sopo. Wabwera ndi sopo yekha, chenji wasiya pa okala." Lembaninso zimene amachita bwino. Ngati amakonza wailesi, amaloweza nyimbo za kwaya atangomva kamodzi, kapena amadziwa ng'ombe iliyonse ya m'mudzi ndi mwini wake, zimenezo ndi umboni ndithu.

Ngati simutha kulemba, uzani mwana wamkulu kapena mnansi wodalirika azikulemberani madzulo. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani kavidiyo ka mphindi imodzi kapena ziwiri pamene khalidwelo likuchitika, chifukwa ana ambiri akafika pamaso pa mlendo amakhala phee ngati si iwo. Kavidiyoko ndi ka adokotala, si koponya pa gulu la WhatsApp la banja.

Pitaninso kwa aphunzitsi mukawapemphe mwaulemu kuti alembe zimene amaona m'kalasi. Izi si zokometsera chabe. Malamulo amene madokotala amatsata amati ADHD imatsimikizika ngati zizindikiro zinayamba munthu asanakwane zaka 12, zakhalapo miyezi yosachepera 6, ndipo zimaoneka m'malo awiri kapena kuposa apo. Mwana wovuta kusukulu kokha koma wodekha kunyumba ndi kutchalitchi, nthawi zambiri vuto lili kwina: mwina amamenyedwa ndi anzake, mwina sakumva chinenero cha m'kalasi. Makope akusukulu muwatenge, ndipo musasankhe okongola. Tengani omwe ali ndi zolakwika zambiriwo. Kabuku ka kusikelo nako musakaiwale, ngakhale katang'ambika. Ndipo apite nawo munthu amene analera mwanayo ali wakhanda. Ngati anakulira kwa agogo, agogowo ndiwo akudziwa kuti anayamba liti kukwawa ndi kutchula "amama."

Tisanafike kwa katswiri wa kaganizidwe, pali zoyamba kuchotsa panjira, ndipo apa ndi pamene ndimakakamira kwambiri. Makutu. Mwana amene khutu lakhala likutuluka mafinya kwa miyezi amamva theka la zimene aphunzitsi akunena, ndipo sadandaula chifukwa sadziwa kuti anzake amamva mosiyana. Timamutcha wosamva potanthauza mwano, pamene ndi wosamva weniweni. Makutu amayezedwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre komanso ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe, koma mafinya ngakhale a pachipatala chaching'ono amawaona. Maso nawonso ayezedwe: wosaona pa bolodi amakopera zolakwika. Njala, kuchepa kwa magazi ndi likodzo zimagonetsa mwana m'kalasi.

Ndiye pali khunyu. Ambiri timadziwa logwetsa pansi lija, koma lilipo lina limene mwana amangoti duu kwa masekondi ochepa, maso ali tong'o, osayankha, kenako n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Zimatha kuchitika kambirimbiri pa tsiku, ndipo aphunzitsi amati amalota ali maso. Limeneli lili ndi mankhwala. Muwauzenso adokotala ngati mwana anadwalapo malungo aakulu okomola. Kafukufuku wa ku Blantyre wotsogozedwa ndi dokotala wa matenda a ubongo Gretchen Birbeck, amene anatuluka mu 2010, anapeza kuti ana opulumuka ku malungo a mu ubongo amapezeka kwambiri ndi khunyu komanso mavuto a khalidwe kuposa anzawo. Kubadwa masiku asanakwane, kuchedwa kulira pobadwa, ndi chikasu chachikulu ali wakhanda, zonsezi muzinene osadikira kufunsidwa.

Poyambira ndi pafupi. Kwa mwana wosakwana zaka zisanu, uzani alangizi a zaumoyo kapena anamwino kusikelo. Iwo akutumizani ku chipatala cha boma, ndipo ngati n'kofunika mupatsidwa kalata yopitira ku zipatala zikuluzikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu. A St John of God ku Mzuzu ali ndi malo othandizira ana ochedwa kukula. Kwa mwana wa pasukulu, funsani ahedi kapena a PEA (alangizi a sukulu za pulayimale) ku ofesi yawo ya TDC kuti resource centre, malo ophunzitsira ana ofunika thandizo lapadera, yapafupi ili kuti. Kumeneko kumakhala aphunzitsi amene ambiri anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, ndipo ena mwa iwo luso lawo ndi la ana ovutika kuphunzira. Akatswiri ndi ochepa m'dziko muno, zimenezo sindikubisirani, ndiye ulendo umodzi sungakwanire.

Pali mawu amene amatichedwetsa: "Msiyeni, anyamata amachedwa kuyankhula, malume ake anayamba ali ndi zaka zinayi." Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma ngati mwana wafika chaka osatembenuka mukamuitana dzina, wafika miyezi 18 osaloza ndi chala kukuonetsani chinthu, kapena wafika zaka ziwiri osalumikiza mawu awiri monga "ndifuna madzi," pitani naye. Ngati ankayankhula kenako mawu n'kuzimiririka, musadikire ngakhale mwezi. Ndipo chonde, musapite naye kukamudula pansi pa lilime ndi lumo. Autism siili pa lilime.

Tsiku loyezedwa, mwana adye, agone mokwanira, ndipo musamuopseze panjira kuti "ukavuta akakubaya jakisoni." Musamuphunzitse mayankho. Akafunsidwa funso n'kukhala chete, pirirani, musamuyankhire, chifukwa kukhala cheteko n'kumene woyeza akufuna kuona.

Inunso muli ndi ufulu wofunsa, makamaka za muyeso umene akugwiritsa ntchito. Miyeso yambiri inapangidwira ana a ku America ndi ku Ulaya. Mwana wa ku Nsanje akaonetsedwa chithunzi cha chinthu chimene sanachionepo n'kulephera kuchitchula, cholakwa si cha mutu wake. Ichi n'chimene chinachititsa dokotala wa ana Melissa Gladstone ndi anzake kupanga muyeso wa kuno kwathu wotchedwa MDAT, umene unasindikizidwa mu 2010. Iwo anayamba afunsa makolo a m'midzi kuti mwana wokula bwino amadziwika ndi chiyani, ndipo zinthu monga kutumika ndi ulemu zinatchulidwa kwambiri. MDAT imaona ana kuyambira obadwa kumene mpaka a zaka 6 pa mbali zinayi: kuyenda ndi kudumpha, ntchito za zala, chiyankhulo, ndi kukhala ndi anthu. Siinena kuti mwana ali ndi autism. Imangoonetsa mbali imene watsalira, kuti kufufuza kuyambire pomwepo.

Nkhani ya maso ndiyo imandidetsa nkhawa. M'mabuku akunja, kusayang'ana munthu m'maso ndi chizindikiro cha autism. Kuno mwana woleredwa bwino amagwada, amazolika, sayang'ana wamkulu m'maso. Ndiye muuzeni woyezayo mmene mwana amachitira ndi anzake ndiponso ndi amayi ake: kodi akaona ndege amakuyang'anani kuti nanunso muone? Kodi amasewera masanje, kuyerekeza kuphika? Amenewo ndiwo mafunso olasa. Chinenero nachonso munene poyera. Mwana woyankhula Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena kunyumba akayezedwa m'Chingerezi, chimene chayezedwa ndi Chingerezi chake. Abale amene muli ku Johannesburg kapena ku Britain, zomwezi zikukukhudzani: auzeni kuti kunyumba mumayankhula Chichewa, ndipo musasiye kuchiyankhula, chifukwa zinenero ziwiri siziyambitsa autism. Ku Britain njira imayambira kwa GP (dokotala wa banja) kapena kusukulu, ndipo mzere wodikira ndi wautali, choncho lembetsani msanga.

Nanga akuluakulu? Mavutowa satha munthu akamera ndevu. Alipo abambo amene asintha ntchito kangapo chifukwa choiwala ndi kusiyira zinthu panjira, ndi amayi amene anaphunzira kutengera zochita za anzawo pa zinkhoswe ndi pamaliro, koma amabwerako atatopa ngati alima tsiku lonse. Atsikana ambiri sazindikirika ali ana chifukwa mwana wamkazi wachete timamuyamikira kuti ndi wofatsa. Ena amadzizindikira pamene mwana wawo akuyezedwa, popeza mavutowa amayenda m'mtundu. Wamkulu nayenso alembe kope lake, afunefune malipoti akale akusukulu, ndipo atenge azakhali kapena akulu ake amene akukumbukira ubwana wake. Anene zoona za mowa, chamba, tulo ndi nkhawa, chifukwa izi nazonso zimabalalitsa maganizo. Koma ngati kuiwala kwangoyamba chaka chino muli ndi zaka 45, imeneyo si ADHD. Pitani kuchipatala akafufuze zina.

Zotsatira zikatuluka, ena amalira, ena amapuma kuti "kani sindinali chitsiru." Zonsezi n'zachibadwa. Amayi, si inu munalakwitsa, ndipo palibe amene anakhwimira mwanayo. Katemera nayenso alibe mlandu: nkhani ya dokotala wa ku Britain Andrew Wakefield ya mu 1998 imene inayambitsa mphekesera zoti katemera amayambitsa autism inachotsedwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2010, ndipo iye analandidwa chilolezo cha udokotala. Palibe mankhwala ochiza autism, choncho wogulitsa botolo lodula ponena kuti mwana ayankhula pakatha sabata akungofuna ndalama zanu. ADHD ili ndi mankhwala othandiza, koma olemba ndi adokotala, ndipo amayenda limodzi ndi kusintha kaphunzitsidwe.

Musatuluke m'chipindamo ndi dzina la vuto lokha. Pemphani pepala lolembedwa, ndipo akufotokozereni m'chinenero chanu zimene muzichita kunyumba ndi zimene aphunzitsi azichita: kumukhazika kutsogolo, kumuuza chinthu chimodzi pa nthawi, kumufunsa pakamwa pamene kulemba kukumukanika, kumuchenjeza zinthu zisanasinthe. Pepalalo mulichite fotokope. Limodzi likhale kwa ahedi, makamaka asanatumize mayina a olemba mayeso ku MANEB, lina muliike m'kabuku ka kuchipatala. Funsaninso ngati pafupi pali gulu la makolo, monga a PODCAM, bungwe la makolo a ana aulumali. Tsiku lobwereranso alembe pachikuto cha kope lija, ndipo masamba otsalawo mupitirize kulembamo, tsopano muziwonjezera zimene mwayesa ndi mmene mwanayo wazilandirira.