Kudziwa mmene maatomu alumikizirane: yambani ndi shelo yakunja

Musanathamangire kulemba fomula, yalani kaye maelekitironi a atomu iliyonse m'mashelo ake, kutanthauza magawo ozungulira phata la atomu momwe maelekitironi amakhala. Shelo yoyamba imadzaza ndi 2, yachiwiri ndi 8, ndipo pa maelementi 20 oyambirira yachitatu muziiwerengeranso 8. Sodiyamu ali ndi maelekitironi 11, choncho mumayala 2, 8, 1. Klorini ali ndi 17, ndiye 2, 8, 7. Nambala yomalizayo ndi imene ili ndi ntchito, chifukwa am'kati aja salowerera nawo pa kulumikizana. Maatomu ambiri amakhazikika akakwanitsa 8 kunja, koma haidrojeni amakhutira ndi 2.

Kenako funsani: apa pali chitsulo kapena ayi?

Chitsulo chikakumana ndi elementi yomwe si chitsulo, chitsulocho chimapereka maelekitironi, inayo nkulandira. Imeneyi ndi ionic bond. Sodiyamu amataya elekitironi imodzi ija nkukhala Na⁺, klorini nkuitola nkukhala Cl⁻, ndipo poti machaji awo ndi osiyana, amakokana. Maatomu okhala ndi chaji otere amatchedwa maayoni. Polemba fomula onetsetsani kuti machaji onse akaphatikizidwa apereke 0. Magineziyamu, wa 2, 8, 2, amataya awiri, choncho pafunika maklorini awiri: MgCl₂. Kwa Al³⁺ ndi O²⁻ pezani nambala yaing'ono yogawika ndi 3 komanso ndi 2, yomwe ndi 6, ndipo mupeza Al₂O₃. Ambiri amapunthwa pongosinthanitsa manambala a machaji mwachizolowezi mpaka kulemba Mg₂O₂ m'malo mwa MgO. Enanso amalemba CaOH₂, pomwe choyenera ndi Ca(OH)₂, chifukwa 2 uja ndi wa gulu lonse la OH⁻.

Musatchule NaCl, womwe ndi mchere, kuti molekyulu. Mu mchere, Na⁺ aliyense wazunguliridwa ndi ma Cl⁻ 6, ndipo dongosololi limangopitirira mbali zonse. N'chifukwa chake mchere umafuna kutentha kwa 801 °C kuti usungunuke pamoto, komanso sudutsa magetsi uli wouma. Usungunuleni m'madzi, maayoni amasuke, mudzaona magetsi akudutsa.

Ngati onse awiri si zitsulo, palibe wololera kutaya, ndiye amagwirizira limodzi maelekitironi awiriawiri. Imeneyi ndi covalent bond, yomwe Gilbert Lewis anaifotokoza mu 1916. Tiyese ndi CO₂. Wonkhetsani akunja onse: kaboni 4, okosijeni 6 kawiri, pamodzi 16. Ikani kaboni pakati, mumulumikize ndi okosijeni aliyense ndi kamzere kamodzi. Kamzere kalikonse ndi maelekitironi 2, ndiye apita 4, atsala 12. Agawireni maokosijeniwo monga timadontho, 6 aliyense. Tsopano muyang'aneni kaboni: ali ndi 4 basi. Chotsani awiri kwa okosijeni aliyense muwaike pakati, mupeza O=C=O. Werenganinso. Zikapanda kukwana 16, penapake mwawonjezera kadontho kapena mwakataya.

Kugwirizira limodziko sikuti nthawi zonse kumakhala kofanana. Pa sikelo ya Pauling, yoyezera mphamvu imene atomu imakokera maelekitironi, haidrojeni ali ndi 2.20, klorini 3.16, okosijeni 3.44, sodiyamu 0.93. Chotserani yaing'ono pa yaikulu. Kusiyana kukapitirira cha m'ma 1.7, kawirikawiri ndi ionic. Kukachepera 0.4, amakoka pafupifupi mofanana. Pakatipa, monga 0.96 wa HCl, mbali imodzi imakoka kwambiri. Malirewa musawatenge ngati lamulo losasweka: HF, wa haidrojeni ndi fulorini, amafika 1.78 koma ndi covalent.

Zitsulo zokhazokha nkhani yake ndi yaifupi. Maelekitironi akunja amangoyenda momasuka pakati pa maayoni onse, n'chifukwa chake kopa amadutsa magetsi ndipo amapindika osathyoka.

Lamulo la 8 lija nalonso lili ndi polekezera. Boroni mu BF₃ amakhala ndi 6, salifa mu SF₆ ali ndi 12. Ndipo madzi akamawira pa 100 °C, musanene kuti O ndi H alekana. Chomwe chatha ndi kukokana kwa pakati pa molekyulu ndi inzake, nthunziyo ikadali H₂O yemweyo.