Mmene mungakonzere tchuthi cha kugombe pa chilumba cha Naxos ku Greece

Munthu akaganiza zopita kutchuthi ku zilumba za ku Greece, mayina oyamba kumubwerera m'mutu ndi Santorini ndi Mykonos, chifukwa ndiwo amene zithunzi zake zili mbwee pa intaneti. Koma ngati cholinga chenicheni cha ulendowo ndi kusambira, kupuma pamchenga ndi kudya bwino popanda kukhuthula thumba lonse, malangizo anga ndi akuti musankhe Naxos. Magombe ambiri a ku Santorini ndi a mchenga wakuda ndi timiyala tochokera kuphiri lophulika, ndipo masana amatentha moti simungapondepo opanda nsapato. Ku Mykonos magombe ndi abwino ndithu, koma mtengo wa chipinda ngakhalenso wa mpando wapagombe ndi woboola m'thumba. Naxos ndicho chilumba chachikulu kuposa zonse m'gulu la Cyclades, cha masikweya kilomita pafupifupi 430, ndipo mbali yake ya kumadzulo ili ndi magombe a mchenga otsatizana kuyambira m'tauni momwemo mpaka kummwera kwenikweni.

Chifukwa chachiwiri chagona pa nthaka. Pakati pa chilumbachi pali phiri la Zas, lotalika mamita pafupifupi 1,000, lomwe ndi lalitali kuposa onse m'zilumba za Cyclades, ndipo limakopa mvula yokwanira kuti zigwa zikhale zachonde. Motero anthu a ku Naxos sadalira alendo okha ayi. Amalima mbatata ya kachewere yotchuka m'dziko lonse la Greece, amaweta ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa, ndipo amapanga tchizi cha graviera ndi cha arseniko. Zimenezi mlendo amazionera m'mbale, pakuti chakudya chambiri cha m'malo odyera chimachokera kuminda ya pomwepo m'malo mobwera pa sitima kuchokera ku Athens.

Chinthu choyamba kusankha si hotelo, koma mwezi, ndipo chimene chimalamulira mwezi ndi mphepo yotchedwa meltemi. Iyi ndi mphepo youma yochokera kumpoto, yomwe imawomba pa nyanja ya Aegean m'chilimwe chifukwa cha kusiyana kwa mphamvu ya mpweya pakati pa dera la Balkan ndi dziko la Turkey, ndipo imafika pachimake mu Julayi ndi Ogasiti. Amene anakhalako ku Nkhotakota kapena ku Likoma nthawi ya mwera adziwa zimene ndikunena: thambo lili mbee, dzuwa likuwala, koma nyanja yatuwa ndi mafunde ndipo mabwato ang'onoang'ono akokeredwa kumtunda. Meltemi nthawi zambiri imakula masana n'kumachepa madzulo, ngakhale kuti ikalusa imatha kuwomba masiku angapo osalekeza. Ubwino wake ndi wakuti imachepetsa kutentha, moti usiku munthu amagona bwino. Kuipa kwake ndi kwakuti imaulutsa mchenga, imagwetsa maambulera, ndiponso imachedwetsa kapena kuimitsiratu sitima zothamanga.

Poganizira zonsezi, nthawi yabwino ndi theka lachiwiri la Juni kapena mwezi wa Seputembala. Mu Meyi chilumba chimakhala chobiriwira ndiponso chotsika mtengo, koma madzi amakhala akadali ozizira, cha m'madigiri 19, pamene mu Seputembala amakhala atafunda chilimwe chonse mpaka madigiri 24 kapena kuyandikira pamenepo, anthu atachepa ndipo mphepo itayamba kufooka. Pewani masiku oyandikana ndi 15 Ogasiti ngati simunasungitse malo miyezi ingapo m'mbuyo. Limeneli ndi tsiku lalikulu la chikondwerero cha Maria Virigo m'mpingo wa Orthodox, Agiriki ambiri amabwerera kumidzi ya makolo awo, ndipo sitima ndi zipinda zimadzaza. Komabe amene afuna kuona chikondwerero cha m'mudzi, chokhala ndi magule ndi nyimbo mpaka usiku, angachipeze ku Filoti pa tsiku lomwelo.

Mukadziwa masiku, yambani nkhani ya chiphaso. Greece ili m'dera la Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya omwe amalowedwa ndi visa imodzi, choncho mwini pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa afunika visa, ngakhale atakhala ndi chilolezo chokhala ku Britain. Pempho limaperekedwa ku ofesi ya kazembe wa Greece, kapena yoimira Greece, yomwe imayang'anira dziko limene mukukhala, ndipo mukhoza kulipereka kutatsala miyezi 6 ulendo usanachitike. Musadikire masabata otsiriza, chifukwa kukayandikira chilimwe masiku oonana ndi akuluakulu a ku ofesizi amasowa. Munthu wamkulu amalipira mayuro 90 kuyambira mu Juni 2024, pasipoti iyenera kukhala ndi miyezi itatu yotsala kuchokera tsiku lomwe mudzatuluke m'dera la Schengen, ndipo pamafunika inshuwalansi ya zaumoyo yofika mayuro 30,000, kuphatikiza umboni wa malo ogona, wa tikiti yobwerera ndi wa ndalama za kubanki.

Ulendo wonse umadzera ku Athens. Ku Naxos kuli bwalo la ndege laling'ono lomwe kumatera ndege zazing'ono zochokera ku likululo pa ulendo wosakwana ola limodzi, koma mipando ndi yochepa ndipo imatha msanga. Anthu ambiri amakwera sitima ya pamadzi pa doko la Piraeus, komwe mungafike pa sitima ya pansi pa nthaka kuchokera ku bwalo la ndege la Athens osasintha, pa ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Sitima zikuluzikulu za Blue Star zimatenga maola asanu kapena kupitirira pang'ono, zikuima kaye ku Paros, pamene zothamanga zimatenga maola osakwana anayi koma pa mtengo wokwera. Ine ndingasankhe yaikuluyo, makamaka mu Julayi ndi Ogasiti, chifukwa siigwedezeka kwambiri ndi mafunde, siiimitsidwa kawirikawiri, ndipo munthu amatha kukhala panja n'kumaona zilumba zikudutsa, pamene m'zothamanga mumakhala pampando mkati ndipo amene sachedwa kuchita nseru amavutika.

Konzekerani kutsika sitima isanakocheze. Pa doko sitimayi imaima kwa mphindi zochepa chabe: anthu amaunjikana m'chipinda cha galimoto, aliyense akusolola chikwama chake pamashelefu a m'mbali, chitseko chachikulu cha kumbuyo chimatsika pang'onopang'ono sitima ikadali kubwerera chafutambuyo, kenaka ogwira ntchito amaimba mawezulo ndi kukuwa kuti anthu afulumire, okwera atsopano ali kale pamzere. Amene wakhalira kumwa khofi pamwamba amadzazindikira ali paulendo wa ku chilumba china. Sitima ikamayandikira doko mudzaona chimango chachikulu cha khomo, cha mwala wa nsangalabwi, chitaima chokha pa kachilumba ka Palatia. Chimenechi ndicho Portara, khomo la kachisi amene anayamba kumangidwa cha m'ma 530 Khristu asanabadwe, mu ulamuliro wa Lygdamis, koma sanamalizidwe.

Tsopano nkhani ya malo ogona, yomwe kwenikweni ndi nkhani yosankha gombe. Amene ali ndi ana aang'ono ndiponso safuna kubwereka galimoto akhale pafupi ndi Agios Georgios, gombe lomwe lili mtunda woyenda pansi kuchokera pakati pa Chora, tauni yaikulu ya chilumbachi komwe kuli doko. Madzi ake ndi osaya moti munthu amayenda mtunda ndithu akadali m'mawondo. Makilomita asanu kapena asanu ndi limodzi kummwera kuli Agios Prokopios, komwe mchenga wake ndi wokhakhala, sumamatira kwambiri pathupi ndipo suuluka msanga, komanso kuli chitunda chotchinga mphepo ya kumpoto. Dziwani kuti kumeneku madzi amazama mwachangu. Kutsogolo kwake kuli Agia Anna, kenaka Plaka, gombe lotalika makilomita pafupifupi 4, la mchenga wosalala ndi timilu ta mchenga kumbuyo kwake. Kumayambiriro kwa Plaka kuli malo odyera ndi mipando yobwereketsa, koma mukamapita kummwera anthu amachepa, ndipo m'malo ena obisika mumapezeka osambira osavala, zomwe ndi bwino kuzidziwiratu ngati muli ndi banja.

Luso lalikulu ku Naxos ndi kudzuka m'mawa, kuona kumene mphepo ikuchokera ndi mphamvu yake, kenaka n'kusankha gombe la tsikulo. Malo ophunzirirapo bwino ndi Mikri Vigla, komwe mwala waukulu wolowa m'nyanja umagawa gombe pawiri. Kumpoto kwa mwalawo mphepo imamenya mwachindunji, kumwamba kuli makaiti amitundumitundu akukoka anthu pamatabwa, mchenga ukulasa m'miyendo, ndipo ngakhale kucheza kumafuna kukweza mawu. Mukangoyenda mphindi zochepa kuzungulira mwala womwewo n'kutulukira kummwera, mumapeza madzi ali phee, oonekera mpaka pansi, ana akusewera m'mphepete. Choncho meltemi ikakula pitani ku magombe oyang'ana kummwera kapena otchingidwa, monga mbali imeneyi ya Mikri Vigla, timagombe ta ku Alyko tobisika pakati pa mitengo ya mtundu wa mkungudza, ndi Pyrgaki. Musasambe ku Grotta, kumpoto kwa tauni, komwe mafunde amamenya pamiyala. Koma gombe lotchingidwa lili ndi msampha wake. Kumeneko mphepo imawomba kuchokera kumtunda kulowa m'nyanja, moti madzi amaoneka odekha pamene chubu kapena matiresi opopa amene mwana wakwerapo akutengedwa mwakachetechete kupita pakati. Tsiku la mphepo zinthu zopopa zisiyeni kuchipinda.

Mabasi a KTEL amanyamukira pafupi ndi doko ndipo m'chilimwe amapita pafupipafupi ku Agios Prokopios, Agia Anna ndi Plaka, koma ku magombe a kummwera amapita kangapo kokha patsiku. Tikiti gulani musanakwere, ku ofesi yawo kapena m'timasitolo ta pafupi ndi poimira basi. Galimoto yobwereka ndi yothandiza kwa masiku awiri kapena atatu, osati kwa tchuthi chonse. Tengani laisensi yoyendetsera m'mayiko ena, ndipo kumbukirani kuti ku Greece galimoto zimayenda kudzanja lamanja la msewu. Njinga zamoto za mawilo anayi, zomwe alendo amazikonda, sindikukulimbikitsani, chifukwa zimagubuduka msanga pokhota ndipo inshuwalansi zambiri za apaulendo siziikira kumbuyo ngozi zake.

Pagombe penipeni simukakamizidwa kulipira. Malamulo a Greece amati gombe ndi la anthu onse, ndipo mu 2023 anthu a ku Paros, kenaka a ku Naxos ndi kwina, anachita zionetsero pokwiya ndi amalonda omwe anadzaza mchenga wonse ndi mipando yolipiritsa. Mu 2024 boma linakhazikitsa lamulo loti gawo la 70 pa 100 alionse la gombe likhale lopanda mipando yotere, ndiponso kuti mipandoyo italikire mamita 4 kuchokera m'madzi. Motero mukhoza kugula ambulera yanu m'sitolo tsiku loyamba n'kumayala thaulo lanu pamalo opanda mipando. Ambulerayo muziizika mozama ndi kuipendeketsa moyang'ana kumene mphepo ikuchokera. Ngati mwasankha mpando wobwereka, funsani mtengo musanakhale, popeza mzere woyandikira madzi umakhala wodula kuposa wa kumbuyo, ndipo malo ena salipiritsa mpando malinga mwagula chakudya. Mafuta oteteza ku dzuwa ndi ofunika ngakhale kwa a khungu lakuda, pakuti mphepo imanamiza munthu kuti sikukutentha. Pamiyala valani nsapato za m'madzi chifukwa cha tizilombo takuda taminga tomwe timamatirira pamenepo. Ku Alyko ndi ku magombe ena akutali tengani madzi akumwa ndi kamba wanu.

Tsiku limene mphepo yalusa kwambiri musalitaye pokhala m'chipinda, kwerani kumapiri. Ku Halki kuli malo otchezera kitron, chakumwa chaukali chopangidwa ndi masamba a mtengo wa m'banja la mandimu, omwe banja la Vallindras linatsegula mu 1896. Ku Apeiranthos tinjira ta m'mudzi n'toyalidwa ndi nsangalabwi, ndipo ku Apollonas, kumpoto, kuli chifanizo cha mwala chotalika mamita oposa 10 chomwe osema akale anachisiya chigonere pamalo pomwe ankachisema. M'tauni momwemo mungayende m'linga la Kastro lomwe linamangidwa Marco Sanudo wa ku Venice atalanda chilumbachi mu 1207. Polowa m'tchalitchi phimbani mapewa ndi mawondo. Zovala za kugombe n'za kugombe. Amene ali ndi masiku oposa sabata angawonjezere usiku umodzi kapena uwiri ku Koufonisia, pokwera kasitima ka Express Skopelitis kamene kamazungulira tizilumba ta kummwera ndi kummawa kwa Naxos, koma asankhe tsiku la bata chifukwa kamagwedezeka kwambiri.

Pokonza ulendo wobwerera, musagule tikiti ya sitima yofika ku Piraeus tsiku lomwelo limene ndege yanu ikunyamuka ku Athens. Mphepo ikapyola muyezo akuluakulu a doko amaletsa sitima kunyamuka, nthawi zina ogwira ntchito m'sitima amanyanyala ntchito, ndipo kampani ya ndege siibweza ndalama chifukwa cha sitima yochedwa. Chokani ku Naxos kutatsala tsiku limodzi, mugone ku Athens, ndipo onetsetsani kuti masiku a pa visa yanu akuphatikiza usiku umenewo ndi tsiku lina lapadera.