Momwe mungatsogolere phunziro la Baibulo lokhudza kusamalira chilengedwe ku Kasungu

Ngati mwapatsidwa udindo wotsogolera phunziroli pa mphakati kapena pa mlaga, musayambe ndi kudzudzula owotcha makala ndi odula mitengo yowotchera fodya m'mabalani, chifukwa ena mwa iwo akhala pamaso panu ndipo ndi amene amapereka chakhumi. Yambani ndi funso loti munthu ndi ndani pakati pa zolengedwa zina. Akatswiri a zaumulungu amaliyankha m'njira zingapo, ndipo zitatu ndi zokwanira pa tsiku limodzi.

Njira yoyamba ndi ya ulamuliro. Werengani kaye Genesis 1:28, pamene munthu akuuzidwa kuti agonjetse dziko ndi kulamulira zamoyo. Fotokozani poyera kuti vesili lagwiritsidwa ntchito molakwika, moti mu 1967 katswiri wa mbiri yakale, Lynn White, anaimba mlandu Chikhristu cha kwa azungu kuti chinathandizira kuwononga chilengedwe. Kenako funsani anthu ngati mfumu yogulitsa manda a mudzi wake ingatchedwebe mfumu.

Pa njira yachiwiri khalanipo nthawi yaitali. Genesis 2:15 akuti munthu anaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuuyang'anira, ndipo Salimo 24:1 likutsimikiza kuti dziko ndi la Yehova, kutanthauza kuti ife ndife adindo chabe. Koma pofotokoza za mdindo, samalani ndi liwu loti kapitawo. Kuno kwathu, kumene ambiri anakhalapo matenanti m'maesiteti a fodya, kapitawo amakumbutsa munthu wofinya nthaka ndi antchito kuti bwana apeze mabelo ambiri, ndipo mukalitchula mosafotokoza, anthu adzamva zosiyana ndi zimene mukuphunzitsa. Onjezani Levitiko 25, pamene nthaka nayonso ikupatsidwa mpumulo chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse, kuti aone mdindo amene ali ndi malire.

Njira yachitatu ndi ya ubale. Fransisko wa ku Assisi ankatchula dzuwa kuti m'bale ndi madzi kuti mlongo, ndipo Papa Fransisko anatsatira maganizo omwewo m'kalata yake ya mu 2015 yotchedwa Laudato Si'. Ine ndimaikonda njira imeneyi, komabe muiphunzitse modzichepetsa kwa anthu okhala m'malire a Kasungu National Park, chifukwa amene njovu zamudyera chimanga usiku umodzi sangavomere msanga kuti njovuyo ndi m'bale wake. Mulekeni alankhule mpaka amalize, osamudula mawu.

Musanatseke ndi pemphero, gwirizanani ntchito imodzi yooneka ndi maso. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala, choncho mbande zifesedwe miyezi ingapo mvula isanagwe. Ngati mpingo ulibe ndalama ya machubu, sankhani kusamalira zitsa za misuku ndi mombo zimene zikuphukira m'munda wa tchalitchi, kusiya mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa chilichonse, ndipo lembani mayina a amene adzalambule udzu mozungulira moto wolusa usanayambe.