Mkangano wa Fireball unathera pa katoni

Patebulo pathu timasewera Dungeons & Dragons, masewera oyerekeza nkhani pogwiritsa ntchito madayisi, malamulo a 2014, ndipo woyendetsa nkhani ndine. Wamatsenga akangoponya Fireball, matsenga a moto wophulika, masewera ankaima. Uyu akuti moto sunandifike, uyo akuti wakupsereza ndithu, mpaka tiyi kuzizira.

Lamulo lake silovuta. Moto umaphulika pamalo amene woponyayo wasankha n'kufalikira mafiti 20 mbali zonse, ndipo umakhota ngakhale pakona ya khoma. Pamapu athu kabokosi kalikonse ndi inchi imodzi, kuimira mafiti 5. Ndiye ndinadula katoni mozungulira, mainchesi 8 m'mimba mwake, n'kuboola pakati. Kabowoko timakalunjikitsa pomwe mizere yakumana, katoni ili m'mwamba mwa tizidole toimira anthu a m'nkhaniyo. Amene ali pansi pake wapsa, kaya mdani kaya mnzako.

Cholakwika china chinali changa, ndivomere. Madayisi asanu ndi atatu oonetsa mmene motowo wapwetekera, 8d6 (lililonse la mbali zisanu ndi imodzi), ndinkawagubuduzira mdani aliyense payekha. Kumeneko kunali kutaya nthawi: amagubuduzidwa kamodzi basi, zimene zatulukazo n'za onse. Wopambana pa Dexterity saving throw, kugubuduza dayisi poyesa kuzinda motowo, amalandira theka, ndipo mwa malamulowa theka la 27 ndi 13, osati 14.

Loweruka lapitali katoniyo inaphimba wankhondo wa gulu lomwelo. Anang'ung'udza pang'ono, kenako anatola dayisi yekha.