Ngongole ikayamba kukulemerani: zoyenera kuchita tsiku lobweza lisanafike

Kuno ku Chigwa cha Shire ndalama sibwera mwezi ndi mwezi. Imabwera thonje likagulitsidwa, chitowe chikapunthidwa, chimanga cha kudimba chikacha, kapena nyengo yodula nzimbe ikayamba ku Nchalo. Koma ngongole zambiri zimafuna ndalama sabata iliyonse kapena mwezi uliwonse, osayang'ana kuti madzi alowa m'munda kapena dzuwa lawotcha mapira. Amene anali ndi ngongole pamene namondwe Freddy anasesa minda m'mwezi wa March 2023, kenako kwacha n'kugwa ndi 44 pa 100 mu November chaka chomwecho, akudziwa kuti munthu amatha kulephera kubweza popanda chinyengo chilichonse mumtima mwake.

Mukangoona kuti ndalama ya mwezi uno sikwana, pitani nokha kwa amene anakukongozani tsiku lisanakwane. Wobwera yekha amamvedwa mosiyana ndi wochita kusakidwa. Koma musapite chimanjamanja: mupite mutawerengera kale.

Yambani ndi kope ndi cholembera

Lembani ngongole zonse, ngakhale ya mchere ndi sopo ya pagolosale. Pa iliyonse lembani amene anakukongozani, ndalama yotsala, chiwongoladzanja chake, tsiku lobweza, chindapusa cha kuchedwa, chimene munaika chikole, ndi amene anakusainirani ngati mboni. Ngati ndi ngongole ya kubanki, ku SACCO (bungwe la mamembala losunga ndi kubwereketsa ndalama) kapena kubungwe lokongoza, pemphani sitetimenti, pepala loonetsa zimene mwalipira ndi zimene zatsala. Pa sitetimentiyo onani kuti pa ndalama imene akunena kuti yatsala, ngongole yeniyeni ndi zingati, chiwongoladzanja ndi zingati, zindapusa ndi zingati. Kusiyanitsa zitatuzi n'kofunika chifukwa wokongoza savomera kawirikawiri kuchotsa ngongole yeniyeni, koma pa zindapusa amatha kufewa.

Funsaninso mmene amawerengera chiwongoladzanja. Tiyerekeze kuti munatenga K300,000 yobweza m'miyezi 6, pa 5 pa 100 mwezi uliwonse. Akamawerengera pa ndalama yonse imene munatenga, mumalipira K15,000 mwezi uliwonse, yonse pamodzi K90,000. Akamawerengera pa yotsala yokha, inu mukubweza K50,000 pamwezi, chiwongoladzanja chimatsika: K15,000, K12,500, K10,000, mpaka K2,500, yonse pamodzi K52,500. Onse awiri akunena kuti "5 pa 100", koma kusiyana kwake ndi K37,500.

Patsamba lina lembani ndalama imene mukuyembekezadi ndi mwezi umene idzafike. Osalemba ya m'maloto. Chotsanipo chakudya, mankhwala, fizi ndi mbewu. Yotsalayo ndiyo mungalonjeze. Ambiri amalakwa pomwepa: chifukwa cha manyazi amalonjeza ndalama yaikulu kuti wokongoza asangalale, mwezi wotsatira n'kulepheranso. Kulephera kwachiwiri kumapha chikhulupiriro kuposa koyamba.

Ngongole iti iyambe

Osagawa kandalama kochepako mofanana kwa onse. Yambani ndi ngongole imene ingakulandeni chinthu chimene mumadyera: njinga ya kabaza, bwato ndi ukonde, ngolo, pampu yothirira kudimba. Kenako imene ikukula msanga kwambiri, yomwe nthawi zambiri ndi ya katapila. Ya m'bale wanu imene ilibe chiwongoladzanja ingadikire, komabe pitani mukamuuze, asamve kwa ena kuti mwalipira anthu akunja iye mwamudumpha.

Zimene mungapemphe kubanki kapena kubungwe lokongoza

Mukafika muofesi musanene kuti "ndithandizeni, zinthu zavuta" basi. Wogwira ntchito za ngongole sangalembe zimenezo mufayilo. Nenani chimene chachitika, ndalama imene mungakwanitse, ndi tsiku lake. Mwachitsanzo: "Munda wanga wa thonje unamira. Ndadzala chimanga kudimba, ndidzakolola mu September. Pakali pano ndikhoza kumapereka K15,000 pamwezi, yotsalayo ndidzamalize ndikakolola." Ngati muli ndi kalata ya anyakwawa, ya mlangizi wa zaulimi kapena ya kuchipatala yotsimikizira vutolo, itengeni.

Njira imene anthu ambiri amapempha ndi kutalikitsa nthawi. Ngati patsala K240,000 yobweza K40,000 pamwezi kwa miyezi 6, mungapemphe kuti ikhale K20,000 kwa miyezi 12. Mpweya mupeza, koma chiwongoladzanja chidzachuluka chifukwa miyezi yawonjezeka. Musanasaine funsani funso limodzi: "Ndikadzamaliza, ndidzakhala nditalipira zingati zonse pamodzi?" Yankho lake alembe.

Kwa mlimi, chimene chimathandiza kwambiri ndi kusuntha masiku obweza kuti agwere nthawi yokolola. Pemphani miyezi iwiri kapena itatu yopuma, kapena yolipira chiwongoladzanja chokha. Apa funsitsani ngati chiwongoladzanja cha miyezi yopumayo chidzaphatikizidwa ku ngongole yeniyeni n'kuyamba kubala chinzake. Wogwira ntchito ya nyengo ku nzimbe achite chimodzimodzi: alipire zambiri miyezi imene fakitale ikugaya, zochepa miyezi imene ali pakhomo.

Mungapemphenso kuti achotse zindapusa ngati mubweretse ndalama yooneka pa tsiku limene mwagwirizana. Ndipo ngati mwini ngongole wamwalira, achibale asafulumire kugulitsa katundu. Ngongole zambiri za mabungwe zimakhala ndi inshuwalansi imene inadulidwa pa tsiku lotenga ndalama. Onani papepala la mgwirizano, ndipo pitani ndi kalata ya imfa.

Chilichonse chimene mwagwirizana chilembedwe, chisainidwe, chidindidwe, inu mutenge pepala lanu. Lonjezo la pakamwa limatha tsiku limene wogwira ntchitoyo wasamutsidwa. Polipira tengani lisiti, ndipo ngati mwalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, musafufute uthenga wake. Lembaninso nambala yake m'kope, chifukwa foni imatayika. Osatumiza ndalama ya ngongole ku nambala ya munthu payekha.

Ku banki mkhonde

Kuno nkhani imavuta mwa njira ina, chifukwa ndalama imene mwachedwetsa ndi ya anansi anu, ndipo onse akuyembekeza tsiku logawana. Nenani vuto lanu pamsonkhano, gulu lonse likumva. Kukambirana mseri ndi wapampando kapena msungichuma kumabala mphekesera, ndipo gulu silimangidwa ndi zimene silinamve.

Magulu ambiri amalola kuti munthu alipire chiwongoladzanja chokha n'kusuntha ngongoleyo mwezi wina. Mwezi umodzi zimathandiza. Koma werengani: pa K100,000 ya 20 pa 100, miyezi itatu mwapereka K60,000 ngongole ili chiimire. Ngati mukuona kuti simutha msanga, ndi bwino kupempha kuti gulu lichotse ngongoleyo pa masheya anu, kapena liimitse chiwongoladzanja inu muzibweza pang'onopang'ono mpaka tsiku logawana. Mudzapita kunyumba ndi zochepa, koma mbale ndi malata anu zidzakhala pamalo pake. Ngati vuto ndi matenda kapena maliro, funsani za thumba la zadzidzidzi, linakhazikitsidwira zomwezo. Zonse mlembi alembe m'buku la gulu.

Chimene tikuchenjeza mwamphamvu ndi kulowa magulu atatu kapena anayi, kumatenga uku kukatseka uko. Zimayenda miyezi ingapo, koma magulu ambiri amagawana cha kumapeto kwa chaka, ndipo onse amadzafuna ndalama zawo nthawi imodzi, njala itayamba kale.

Katapila

Musatenge katapila kuti mutseke ngongole ina. K50,000 ya 50 pa 100 pamwezi imakhala K75,000 mwezi woyamba. Mukalephera, iye n'kuwerengera pa yonseyo, imafika K112,500 mwezi wachiwiri, K168,750 wachitatu. Palibe geni ya nsomba, tomato kapena makala imene ingathamange liwiro limeneli.

Ngati munalowamo kale, cholinga chanu chikhale kuimitsa kukulako. Pitani ndi mboni, makamaka munthu amene wakatapilayo amamulemekeza, kapena kakambiraneni pamaso pa anyakwawa. Onetsani zonse zimene mwalipira kale, ndipo pemphani kuti mugwirizane ndalama imodzi yomaliza yosakulanso, yobweza m'magawo. Ena amavomera, chifukwa akudziwa kuti kukhoti chiwongoladzanja chotere chimafunsidwa: lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khoti mphamvu younikanso ngongole imene chiwongoladzanja chake chapyola muyeso. Musamusiyire khadi la ATM ndi nambala yake yachinsinsi, kapena chiphaso cha unzika. Amene wagwira khadi lanu amayamba ndiye kudya malipiro anu, ana anu n'kudya zotsala.

Kugulitsa chiweto kapena katundu

Nthawi zina kugulitsa mbuzi ziwiri lero kumapulumutsa ng'ombe mawa. Ngati ngongole ikukula ndi 20 kapena 50 pa 100 pamwezi, palibe mbuzi imene ikukwera mtengo chomwecho. Gulitsani nokha, pamsika, mutafunsa mitengo kwa ogula angapo. Katundu wolandidwa amagulitsidwa mothamanga pa mtengo wolira. Kumbukirani kuti kuyambira December mpaka February aliyense amakhala akugulitsa ziweto kuti agule chimanga, choncho mitengo imagwa. Komanso matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka, boma limatseka misika ya ziweto ku Chikwawa ndi Nsanje, ndiye musalonjeze tsiku lobweza modalira ng'ombe yokhayo imene mukufuna kukagulitsa ku Ngabu.

Katundu amene munaika chikole musagulitse mobisa. Apo nkhani ya ngongole imatha kusanduka mlandu wa kupolisi. Pemphani chilolezo cholembedwa kuti mupeze wogula nokha. Ngati agulitsa iwo, funsani mtengo umene agulitsira, chifukwa yotsala ngongole ikachotsedwa ndi yanu. Kupinyolitsa dimba kuganizireni kawiri, ndipo musachite osauza akubanja: dimba ndilo limadyetsa nyumba chaka chimene mvula yakana. Chimodzimodzi kugulitsa thonje kapena chitowe chili m'munda kwa mavenda. Mtengo wake umakhala wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa pamsika.

Zikafika poopsezana

Ena amathawira ku Mozambique kapena ku Blantyre. Mlandu suwola. Ngongole imatsalira mkazi, mboni ndi anzanu a pagulu, ndipo ngati ndi ya kubanki kapena kubungwe lovomerezeka, dzina lanu limapita ku mabungwe osunga mbiri ya okongola, monga Credit Data ndi TransUnion, kumene wokongoza wina adzalipeza mukadzafuna ngongole ya feteleza.

Kulephera kubweza ngongole pakokha si mlandu womangitsa munthu. Ndi nkhani ya bwalo la milandu ya pakati pa anthu. Wokongoza alibe mphamvu yokumenyani, ndiponso sangathyole nyumba kapena kutenga katundu amene simunamuike chikole popanda chilolezo cha khoti. Zikachitika, lembani tsiku, zimene zatengedwa ndi amene anaona, mukanene kupolisi. Ngati ndi banki kapena bungwe lokhala ndi chiphaso limene lakuchitirani zosayenera, yambani kudandaula polemba kalata kwa akuluakulu ake, musunge kope. Akapanda kukuthandizani, dandaulo lipite ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira mabungwe a zachuma.

Mukalandira samani, pitani kukhoti pa tsiku lake. Mukajomba, mlandu umagamulidwa inu kulibe, ndipo chotsatira ndi ma sheriff, otumidwa ndi khoti kudzalanda katundu, pakhomo. Mukapita ndi kope lanu lija, malisiti ndi pepala la mgwirizano, mutha kupempha majisitireti kuti akuloleni kubweza pang'onopang'ono malinga ndi mmene mumapezera. Amene alibe ndalama ya loya afunse kwa kalaliki wa khoti ku Chikwawa kapena ku Nsanje mmene angapezere a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu osowa pa milandu, ndipo achite zimenezi samani ikangofika, osati m'mawa wa tsiku la mlandu.