Musatenge magetsi a soketi pa swichi ya getsi

Nyengo yozizira ino ndalowa m'nyumba zingapo ku Mtendere ndi ku Chawama mu Lusaka, ndipo cholakwika chomwe ndikuchipeza n'chimodzimodzi. Munthu akafuna soketi yatsopano kuchipinda akumatsegula swichi ya getsi n'kulumikiza waya pomwepo, ati chifukwa ndi pafupi ndiponso sipafunika kusema khoma.

Waya wopita ku mababu amakhala wa 1.5mm², ndipo breaker yake (swichi yomwe imagwa yokha n'kudula magetsi akachuluka) kawirikawiri ndi ya 6A kapena 10A, poti ntchito yake ndi kuwunikira basi. Ketulo ya 2,000W pa magetsi athu a 230V imakoka pafupifupi 9A payokha. Mukawonjezapo hita, breaker imayamba kugwa, ndipo apa m'pamene mtima umandiwawa, chifukwa m'malo mofunsa chomwe chikuigwetsa, anthu amathamangira m'tauni kukagula yaikulu ya 32A. Yaikuluyo sigwanso, koma waya uja amangotentha mwakachetechete m'kati mwa paipi mpaka chikutiro chake kusungunuka, ana ali mtulo m'chipinda chomwecho. Ndagwirapo ndi dzanja langa swichi yothuma kuseri, pulasitiki yake itada bii ngati mphika wa pambaula.

Komanso m'nyumba zambiri waya wa neutral, wobweza magetsi, amene soketi imamufuna kuti igwire ntchito, safika pa swichi, amathera kudenga kumene kuli babu. Amisiri ongodziwira m'njira akaona kuti palibe, amabwereka waya wa earth, woteteza munthu kuti asagwidwe ndi magetsi, kuti agwire ntchito ya neutral, ndipo tsiku limene wayayo adzamasuke penapake, chitseko cha firiji chidzagwira munthu.

Bambo wina woweta nkhuku kuseri kwa nyumba yake ku Chawama anatengera magetsi a hita ya anapiye pa swichi ya getsi la pakhonde. Usiku wina mwana anazimitsa getsilo popita kukagona, hita nayo n'kuzima, ndipo kutacha anapeza anapiye ataunjikana pakona, ambiri atafa ndi chisanu. Nditawaonetsa pomwe panalakwika, anandiyankha kuti malemu bambo awo ankalumikiza chomwecho ndipo nyumba sinapse. Komatu nyumba ya nthawi imeneyo inali ndi mababu awiri ndi wailesi, pamene yawoyi ili ndi firiji, ayironi ndi hita, zonse zikukokera pa waya mmodzi wowonda. Kuumirira za kale kotereku kwatha anapiye a anthu, ndipo sindikufuna kuti kufike potha miyoyo.

Soketi yatsopano izichokera pa mzere wa masoketi kapena pa breaker yakeyake ku DB (bokosi logawa magetsi m'nyumba), ndi waya wa 2.5mm², ndipo live, neutral ndi earth onse atatu afike. Zimitsani main swichi ndipo yesani ndi tesita musanakhudze waya, ngakhale pa nthawi ya load shedding, chifukwa magetsi amabwera osagogoda. Ntchitoyi ipatseni mmisiri amene ali ndi mapepala ake, ndipo muwaone mapepalawo asanayambe.