Kasankhidwe ka makatoni opangitsa potumiza katundu wa malonda

Munthu amene wayamba kutumiza malonda ake kutali, kaya ndi mabotolo a uchi, mapaketi a khofi kapena sopo wopanga yekha, amafika poti makatoni otola m'magolosale sakumuthandizanso. Ena amakhala atafewa kale, ena ndi aakulu moti katundu amangogubuduzika m'kati, ndipo onse amanyamula dzina la kampani ya eni. Ambiri akafika kwa opanga makatoni amayambira pa mtundu wa inki ndi chizindikiro cha bizinesi yawo, koma nkhani imeneyo ndi yomalizira. Choyamba ndi katundu weniweniyo pamodzi ndi ulendo umene adzayende.

Yambani ndi kuyeza. Sanjani katunduyo patebulo monga momwe adzakhalire m'katoni, mwachitsanzo mabotolo 12 m'mizere itatu ya mabotolo anayianayi, pamodzi ndi timapepala tolekanitsa botolo ndi linzake, kenako muyeze m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Opanga makatoni amagwiritsa ntchito miyezo ya m'kati mwa katoni, m'mamilimita ndiponso m'ndondomeko yomweyo, choncho mukawapatsa miyezo ya kunja katoni idzabwera yaikulu kuposa momwe mumafunira. Onjezerani mamilimita ochepa chabe mbali iliyonse. Mpata wochuluka umawononga kawiri: katundu amagundana panjira, komanso mumalipira mphepo. Makampani otumiza katundu pa ndege monga DHL amachulukitsa miyezo itatu ija m'masentimita n'kugawa ndi 5,000, ndipo nambala imene yapezeka ikaposa kulemera kwenikweni amakulipiritsani imeneyo. Katoni ya masentimita 40 ndi 30 ndi 30 imawerengedwa ngati makilogalamu 7.2 ngakhale m'katimo muli nsalu za makilogalamu atatu okha, pamene kudula msinkhu wake kufika pa 20 kumatsitsa nambalayo kufika pa 4.8.

Mukadziwa kukula, ng'ambani kachidutswa ka katoni iliyonse muone m'mphepete mwake. Mudzapeza mapepala awiri osalala, ndipo pakati pawo pali pepala lopindikapindika ngati malata. Mphamvu ya katoni ili m'mapindi amenewa, ndipo ali ndi mayina a zilembo. Mapindi a C ndi ochindikala pafupifupi mamilimita 4 ndipo ndi amene amapezeka m'makatoni ambiri onyamulira katundu. A B ndi pafupifupi mamilimita 3, salola kuphwanyika msanga akapanikizidwa, choncho amayenerera zinthu zolimba zimene zimadzichirikiza zokha monga zitini. A E ndi opyapyala, pafupifupi milimita imodzi ndi theka, ndipo amapereka nkhope yosalala yolembapo bwino, koma ndi a timakatoni ting'onoting'ono toika pashelefu. Katundu wolemera kapena wosweka amafuna katoni ya makoma awiri, yomwe imakhala ndi mapepala asanu, kawirikawiri mapindi a B ndi C pamodzi. Amene anaonapo makatoni akuluakulu otumizira fodya wokonzedwa kunja kwa Malawi, olowa pafupifupi makilogalamu 200 iliyonse, amadziwa kuti pepala likapangidwa bwino silocheza. Komabe musagule makoma awiri chifukwa cha mantha chabe. Pa katundu wopepuka ndi ndalama yotaya.

Funsaninso za pepala lakunja. Lotchedwa kraft limapangidwa makamaka ndi ulusi watsopano wa mitengo ndipo ndi lolimba, pamene lopangidwa ndi mapepala akale obwezeretsa ndi lotsikirapo mtengo koma limagonja msanga ku chinyezi. Wopanga wodalirika amakuuzani nambala ya ECT, yomwe imasonyeza kulemera kumene pepala lingapirire likaimikidwa cham'mphepete. Nambala imeneyi ndi yofunika kwambiri ngati makatoni adzasanjikizidwa, chifukwa katoni imene imavutika si yapamwamba ayi, koma yapansi penipeni, imene yasenza anzake asanu kwa masabata angapo.

Apa m'pamene ulendo uyenera kuganiziridwa mofatsa. Katoni yoyenda pa basi kuchokera ku Mzuzu kupita ku Blantyre imaponyedwa, imapondedwa, ndipo nthawi zina thumba la mbatata limaikidwa pamwamba pake. Yopita kutsidya kwa nyanja imayenda pa lole mpaka ku Beira, Nacala kapena Durban, n'kukadikira padoko m'kontena yotentha masana ndi kuchita thukuta usiku. Pepala limamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo chinyezi chikachuluka kwambiri katoni imatha kutaya pafupifupi theka la mphamvu zake ngakhale dontho la mvula lisanaigwere. Katoni imene inachita bwino mu Ogasiti ikhoza kukhuta chinyezi ndi kufwamphuka m'makona mu Januwale. Muuzeni wopangayo nyengo, njira ndi masiku a ulendo, ndipo musabise kanthu pofuna kuti mtengo utsike.

Za kapangidwe sizifuna mawu ambiri. Katoni wamba ya zivundikiro zinayi, ziwiri zakunja zokumana pakati, imene pa mndandanda wa FEFCO (bungwe la opanga makatoni ku Ulaya) imatchedwa 0201, ndi yotsika mtengo chifukwa siwononga pepala lambiri ndiponso sifuna chodulira chapadera. Makatoni odzitseka okha opanda tepi, kapena okhala ndi mabowo ogwirira ndi olowetsa mpweya ngati a zipatso, amafuna chodulira chawochawo chimene mumalipira inu koyamba. Chimodzimodzinso kusindikiza: mtundu uliwonse wa inki umafuna chidindo chake, ndiye chifukwa chake mtundu umodzi pa pepala lofiirira nthawi zambiri umakwana. Funsani nambala yochepetsetsa imene angakupangireni, funsaninso ngati chodulira ndi zidindozo zidzasungidwa kuti musadzalipirenso pa oda yachiwiri.

Musavomere oda yonse musanagwire chitsanzo ndi manja. Pindani katoniyo, onani ngati mapindi aimirira choongoka m'makoma ake, popeza ogona chopingasa sasenza katundu. Longezani katundu weniweni, tsekani ndi tepi ya mamilimita 48 pamzere wapakati ndi m'mphepete monse muwiri, pansi ndi pamwamba. Kenako igwetseni pa simenti kuchokera m'chiuno, kamodzi chafufumimba, kamodzi cham'mbali, kamodzi pakona, n'kutsegula kuti muone. Botolo likasweka pakhonde panu mwataya botolo limodzi, pamene likasweka kwa kasitomala uchi wake umamata ena onse ndi malebulo omwe. Sanjikizaninso makatoni odzaza monga momwe adzakhalire m'galimoto, muwasiye masiku angapo, ndipo muyang'ane ngati yapansi yayamba kutupa m'mimba.

Ngati katundu adzayenda pa paleti (kathandala kosanjikizapo katundu konyamulidwa ndi makina), sankhani miyezo imene imakwana bwino pa paleti ya mamilimita 1,200 ndi 1,000 kapena 1,200 ndi 800, malinga ndi kumene akupita, chifukwa katoni yotulukira kunja kwa paleti imataya mphamvu ya makona ake. Makatoni akafika, asungeni osapinda, ogoneka pa matabwa osati pansi, kutali ndi khoma lonyowa, ndipo muziyamba kugwiritsa ntchito amene anafika kale.